Tinawerenga Nyumba Khumi ndi Zinayi

Okutani,
Yamagata.
26 Epulo 1996

Okondedwa achimwene Teruo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu anga a Setsuko, ndiponso kuti msana uja wasiya kukusautsani. Mankhwala opaka amene munatumizira bambo anafika, zikomo, ngakhale eni ake akuti akununkha ngati mafuta a thalakitala. Kuno chipale chatsala m'mapiri mokha ndi kuseri kwa nkhokwe yathu. Mbande za mpunga zamera bwino kwa onse, kupatula kwa a Oguma kumene mbewa zinalowa m'nazale.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pamene lamya ilipo. Pa lamya ndimanama bwino, achimwene, kaya mumadziwa. Inu mumafunsa mothamanga ngati muli pa ntchito kufakitale kwanuko, ine n'kuyankha kuti ee, ali bwino, n'kuika. Lolemba lapitali ndinakuuzani kuti bambo ali ndi chimfine. Pamenepo n'kuti ndikuimba ndili pakhonde la chipatala cha kutauni, bambo ali m'kati, diripi ili pamkono. Musadzidzimuke, anatuluka Lachitatu, ndipo pamene ndikulemba pano akugona tulo ta masana, ndikuwamva kupuma kuseri kwa chitseko. Koma muwerenge mpaka kumapeto musananyamule lamya, chifukwa mukandidula pakamwa sindidzanenanso.

Pangano lathu la pa Chaka Chatsopano sindinaliiwale. Munasiya pathebulo pepala la nyumba yosungira okalamba ya kwanu ku Nagoya, chidindo chanu mutadinda kale, malo a chidindo changa ali opanda kanthu. Ndinalira, ndinakunenerani mawu oipa pamaso pa alamu, ndipo pomaliza tinagwirizana kuti bambo akhalabe pano malinga asayandikire madzi. Munati akangoponda m'ngalande kamodzi, nkhani yatha, mubwera kudzawatenga. Ndinavomera, ndinalumbira pamaso pa chithunzi cha malemu mayi.

Pangano limenelo ndinalisunga mpaka pakati pa Malichi.

Inu mumawaona bambo kawiri pa chaka, ndipo akamva mawu a mlendo amadzikonza, amakhala mowongoka, n'kumavomera chilichonse. Simudziwa mmene kuiwala kwawo kwafikira. Chiyambire Febuluwale, ine sandidziwa. M'mawa ndikawapatsa mpunga ndi msuzi amawerama mwaulemu n'kunena kuti, "Zikomo mayi, mwavutika. Kodi kwanu ndi kuti?" Tsiku lina anandiuza kuti ndizipita dzuwa likadalipo, amuna anga angadandaule. Amuna anga amene anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ndimawasambitsa, ndimawameta ndevu, ndimawadula zikhadabo, iwo n'kumapepesa kuti akuvutitsa mwana wa eni ake. Zimenezi sindinakuuzeni chifukwa ndinkadziwa kuti muyankha za pepala lija.

M'mawa wina mu Malichi ndinatuluka m'bafa n'kupeza chitseko chili pululu. Ndinawapeza pamasitepe otsikira m'ngalande, pamlatho wa kuseri kwa nyumba yathu, atavala majombo, m'manja muli kabokosi kawo ka galasi pansi koonera m'madzi. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikalipe. Iwo osatembenuka n'komwe anati, "Fumie, usaponde mwamphamvu, umuthawitsa. Bwera udzaone."

Ndinaima pamenepo ngati chitsa. Dzina langa, achimwene, m'mawu awo enieni aja a kale, okalipa pang'ono. Ndinatsika, ndinagwada pa sitepe yomaliza, anandigwira m'khosi n'kukanikiza nkhope yanga m'kabokosi monga ankachitira tili ana. Poyamba ndinangoona miyala. Kenaka mwala wina unatembenuza diso.

Mwina mwaiwala kajika, tinsomba ta pansi pa miyala tija, poti inu munkangodziwa kuwabaya ndi foloko ya mayi n'kuwaotcha. Ine ndawaphunzira chaka chino ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu. "Taona mutu wakewo," anatero bambo, "waukulu kuposa nzeru zake. Thupi lonse silikwana chikhatho chako. Alibe mamba, alibenso kathumba ka mpweya kamene nsomba zina zili nako m'mimba, ndiye sayandama. Akaleka kupalasa amamira. N'chifukwa chake amangokhala pansi, n'kumadumpha kuchoka pa mwala uwu kupita pa uwo, kusaka timphutsi." Anati khungu lake limatengera mtundu wa miyala imene wagonapo. Anati amafuna madzi ozizira opweteka mano, othamanga, ndi miyala yokhala ndi mpata kunsi kwake. Matope akatseka mipata imeneyo, kajika amatha. Paliponse pamene anawaka ngalande ndi simenti anatha kalekale. Atsala m'chigawo chathu chokha, mapazi makumi asanu ndi limodzi kumtunda kwa mlatho, chimene bambo anakaniza kuwaka pa zaka zija anali mkulu wa madzi.

Ino ndiyo nyengo yawo yoikira mazira. Wamwamuna amasankha mwala wosalala, amakumba kunsi kwake, amada thupi ngati khala, n'kudikira. Wamkazi akalowa amagona chagada n'kumata mazira kudenga la mwalawo, achikasu, ogundana ngati mpunga wophika, n'kumapita zake. Wamwamuna ndiye amatsala. Mwezi wathunthu amakhala pakhomo, akukupiza mazira ndi zipsepse zake zazikulu za m'mbalizo kuti madzi atsopano azidutsa ndipo matope asakhalepo. Sadya kwenikweni, amaonda, ukalowetsa chala amaluma. Bambo sanyamula mwala wotero. Anamangirira kagalasi ka mayi kodziyang'anira kunsonga ya nsungwi, amakalowetsa pang'onopang'ono n'kuona kudenga. Chaka chino tinapeza miyala itatu ya mazira.

Ndati tinapeza, chifukwa kuyambira tsiku limenelo ndinkawatenga m'mawa uliwonse. Ndinkawaveka majombo ndi manja angawa. Tikafika pamasitepe amakhala bambo athu: amandiitana dzina, amandinyoza kuti maso anga ndi a nkhuku, amakumbukira chaka chimene madzi anakokolola mlatho wakale, amafunsa ngati Teruo akadali wamantha ndi njoka. Theka la ola, nthawi zina kupitirira. Tikamabwerera, tisanafike ndi pa mtengo wa kuseri uja, amayamba kundiyang'ana cham'mbali, ndipo pakhomo amandithokoza chifukwa chowaperekeza. Ndinkadziuza kuti ndikuwachitira iwo, kuti mphepo ya m'mawa imawathandiza kudya. Ndikunena mosapsatira tsopano: ndinkachitira ine mwini.

Lamulungu lapitali linali tsiku lopala ngalande. Mwambo wake sunasinthe chichokereni inu. Chitseko cha madzi kumtunda chimatsekedwa sikisi koloko m'mawa, nyumba iliyonse imatumiza munthu mmodzi, timayambira kumunsi n'kumakwera tikuchotsa matope ndi masamba, ndipo masana timakumana pachitseko, kuitana nyumba zonse, n'kutsegula madzi. Nyumba zatsala khumi ndi zinayi. Mkulu wa madzi chaka chino ndi a Isamu Oguma, anzanu a kusukulu aja, ndipo ulemu wozunguza gudumu la chitseko unagwera nyumba yathu.

Loweruka m'mawa tili pamasitepe ndinafunsa bambo kuti mazira aja adzatani madzi akatsekedwa maola asanu ndi limodzi. "Akauma afa," anatero. "Wamwamunayo sathawa, amakhala m'kathaphwi kotsala kunsi kwa mwala. Koma dzuwa likawomba mwalawo umatentha. Uviike mphasa za mapesi a mpunga, ufunde miyalayo. Madzi asanabwere uchotse, chifukwa mphasa ikatsala imasonkhanitsa matope, mazira n'kubanika." Ndinati ndamva. Tsiku lomwelo ndinatulutsa mphasa zitatu m'nkhokwe, ndinaziviika, n'kuziyedzamiritsa pa mpanda wa pamlatho.

Lamulungu gulu linafika pa chigawo chathu cha m'ma eyiti. Ndinapempha a Isamu kuti miyala itatu ija asaigwedeze.

"Ndiye tisiye matope chifukwa cha tinsomba tosakwana ndi m'kamwa momwe?" anatero, atayedzamira fosholo. "Chabwino, mayi wa akajika. Amuna inu, pano tidutse monyang'ama, m'nyumbamu muli makanda."

Anthu anaseka. Wina kumbuyo anati, "Tiwafunditsenso bulangete, angazizidwe." Anasekanso kwambiri, ine ndinaseka nawo. Mphasa zija zinali pomwepo pa mpanda, zikudontha madzi, mapazi asanu kuchokera pamene ndinaima. Ndinachita manyazi kuzitenga. Mzimayi wa imvi ngati ine, kuchita manyazi ndi anthu amene ndinkasewera nawo m'matope. Ndinayang'ana kumwamba, kunali mitambo, ndinati zikhala bwino, n'kunyamula fosholo yanga kutsatira anzanga. Cha m'ma teni mitambo inachoka, dzuwa linawomba ngati la mu Juni.

Mufunsa kuti bambo anali kuti. Ndinawasiya m'nyumba ndi chakudya chawo, wailesi ili yotsegula. Mufunsanso ngati ndinakhoma chitseko. Sindinakhome. Ndinasiya kukhoma tsiku limene ndinabwera kumunda n'kuwamva akugogoda cham'kati, akupempha mwaulemu kuti aliyense amene ali panjapo awatulutse. Majombo ndinawasiya pakhomo, pamalo ake a masiku onse.

Masana tinafika pachitseko, matope mpaka m'tsitsi. A Isamu anakwera pa mwala n'kuyamba kuitana monga amachitira aliyense chiyambire agogo athu. Kwa a Oguma, tilipo. Kwa a Kanno, tilipo. Kumphero, tilipo. Nyumba ndi nyumba mpaka anafika pa ife. "Kwa a Hasebe?" Ine ndinayankha mokweza, "Tilipo." Khumi ndi zinayi, onse atuluka, m'ngalande mulibe munthu. Anathira mowa pang'ono pa chitseko, anawomba m'manja kawiri, n'kundikodola. Gudumu lija limafuna kuzunguza kokwana makumi anayi. Ndinazunguza ndekha, ndinakana kuthandizidwa, ndinkafuna aone kuti mwana wa a Masuo Hasebe si wa tinsomba tokha. Madzi a chipale chosungunuka analowa ndi mkokomo, anthu n'kukhala pansi kumasula zakudya.

Apo ndi pamene anatulukira mayi Chiyono, oyandikana nawo athu, akukankha kangolo kawo muli ketulo ya tiyi. Ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zinayi, msana unapindika, ulendo wochokera kumudzi umawatengera pafupifupi ola. Anaima kupuma, n'kunena akumwetulira, "Iwe Fumie, bambo ako ukuwadyetsa chiyani? Ndawapeza pamlatho akukoka mphasa ngati mnyamata, akutsika nazo m'ngalande. Ndawalonjera, andiyankha ndi dzina langa lomwe."

Mwana aliyense wa ku Okutani amadziwa zimene bambo ankatiloweza: madzi akachoka pachitseko amafika pakachisi m'mphindi khumi, pamlatho wathu m'mphindi khumi ndi zisanu. Ndinayang'ana a Isamu. Iwo anali atayang'ana kale wotchi.

"Zapita kale mphindi zisanu ndi ziwiri," anatero motsitsa. Kenaka anakuwa, "Tsekani madzi."

Amuna awiri anagwira gudumu, koma tonse tinkadziwa kuti madzi amene apita apita. Galimoto ya a Isamu inali m'kati mwenimweni mwa kanjira kaja, poti ndiwo anayamba kufika m'mawa, zina zisanu zitaitsekera kumbuyo. Tinathamangira yomalizira, ya a Kanno, makiyi ali momwemo. A Isamu anabwerera nayo chambuyo mpaka pamsewu, tayala limodzi likulendewera m'mphepete mwa munda. Ine ndinali nditagwira chitseko cha galimoto, ndikuwerenga mphindi m'mutu. Titafika pakachisi ndinasuzumira m'ngalande ndikupemphera kuti ndione miyala youma. Inali yodzaza, madzi ofiira, akuthamanga ndi masamba ndi timitengo.

Mukudziwa kuti kuchokera pamenepo msewu umasiyana ndi ngalande, umazungulira nkhalango ya mikungudza, pamene madzi amangowongoka. A Isamu anati, "Amva mkokomo, atuluka. Munthu uja madzi amawadziwa kuposa tonsefe." Ndinati, "Satuluka. Ayamba achotsa mphasa." Anandiyang'ana kamodzi n'kuponda moto.

Ndinatsika galimoto isanaime. Mphasa ziwiri zinali pamwamba pa khoma la ngalande, zoponyedwa bwinobwino. Madzi anali atafika kale, ofika m'chuuno. Bambo sindinawaone. Ndinathamanga m'mphepete ndikuitana, kenaka ndinaona chipewa chawo chikuzungulira pa zitsulo zosefa zinyalala za kunsi kwa mlatho. Iwo anali pomwepo, madzi atawakanikiza kuzitsulozo, mphasa yachitatu itawakulunga miyendo, mutu ukumira n'kutuluka, dzanja limodzi litagwira chitsulo.

Sindikumbuka kudumpha. Ndikukumbuka kuzizira, kumene kunandimenya pachifuwa mpaka mpweya kukana kulowa. Madzi ananditenga n'kundigunditsa pa iwo. Ndinalowetsa mkono kukhwapa kwawo, ndinawakweza chibwano, nkhope yawo ili mbuu, milomo yakuda. Anatsokomola madzi, anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Fumie, mphasa."

"Isiyeni mphasa, bambo, gwirani ine."

"Yachitatu. Yatembenuza mwala."

A Isamu anagona chafufumimba pamlatho, anakola lamba wa bambo ndi khasu lopalira matope, n'kukoka. Ine ndinamira kukamasula mphasa ija kumiyendo, zala zosamva kanthu, ndinang'amba ndi mano pomwe. Sindidziwa zinatenga nthawi yotani. Madzi anayamba kuchepa, poti kumtunda anali atatseka, ndipo anthu ena anafika n'kutikokera kumtunda tonse awiri. Bambo tinawavula pamsewu pomwepo, tinawakulunga m'majekete a anthu, a Isamu n'kuthamanga nafe kutauni. Njira yonse mano a bambo ankagundana, ndipo pena anasiya kunjenjemera, n'kungoti zii. Pamenepo ndinaganiza kuti ndawapha.

Adokotala anati madzi analowa m'mapapo, anawasunga masiku atatu kuopa chibayo. Anandifunsa nambala ya mwana wamkulu. Ndinati ndikuimbirani ndekha, ndipo ndinaimbadi, n'kukuuzani za chimfine. M'chipatala monse bambo ankanditcha anamwino.

A Isamu anabwera kunyumba Lachitatu ndi botolo la mowa kudzapepesa, anagwada pakhomo mpaka chipumi kugunda pansi. Anati cholakwa ndi chawo, anawerenga nyumba m'malo mowerenga anthu. Ndinawauza kuti adzuke, akundichititsa manyazi. Zaka zonsezi takhala tikuwerenga nyumba, ndipo palibe anaganizapo kuti nyumba imodzi ingakhale ndi anthu awiri m'ngalande. Amene ankadziwa za mphasa ndine ndekha. Amene anayankha kuti tilipo ndine. Amene anazunguza gudumu ndine. Munthu woiwala dzina la mwana wake anakumbukira ntchito imene ine ndinaithawa chifukwa cha kuseka kwa anthu.

Dzulo m'mawa ndinapita ndekha ndi kagalasi kaja. Miyala iwiri ili bwino, amuna ake ali pakhomo, oonda, akukupiza, ndipo mazira ayamba kuoneka timaso takuda, kutanthauza kuti atsala masiku ngati khumi kuti aswe. Mwala wachitatu unagadabuka, mazira onse anakokoloka. Ndinaubwezera mmene unalili, ngakhale ndikudziwa kuti sizithandiza kanthu chaka chino.

Mpaka pamenepo, achimwene, ndinali nditatsimikiza kuti simudzamva. A Isamu analonjeza kusunga pakamwa, mudzi wonse ukanasunga, mukuwadziwa anthu a kuno. Ndinali nditakonza kale bodza la chimfine chachikulu. Chandisintha ndi chimene chinachitika dzulo masana.

Ndinawakhazika bambo pakhonde la kuseri kuti awothe dzuwa, nditawafunditsa bulangete. Madzi m'ngalande ndi ambiri masiku ano, amamveka mpaka pakhondepo. Anamvetsera nthawi yaitali, mutu utapendekera mbali imodzi. Kenaka anati, "Fumie, madzi atsegula?"

Ndinasiya zochapa m'beseni n'kukhala pambali pawo. "Atsegula, bambo. Lamulungu."

"Anazunguza gudumu ndani?"

"Ndine."

"Wekha? Makumi anayi?" Anaseka pang'ono. "Munawerenga musanatsegule?"

"Tinawerenga. Nyumba khumi ndi zinayi."

"Basi, unachita bwino. Nanga nkhope yagweranji?"

Ndikanakhala chete. Koma anali bambo athu enieni, ndipo iwo sindinawanamizepo chibadwire. Ndinati, "Munali munthu m'ngalande. Analowa titadutsa kale, osauza aliyense. Madzi anamupeza, anatsala pang'ono kufa."

Nkhope yawo inasintha, inakhala ija ya mkulu wa madzi imene tinkaiopa tili ana. "Ndani ameneyo?"

Ndinawayang'ana m'maso kuti mwina akundiyesa. Sankandiyesa. Chilonda cha khasu lija chikadali pamsana pawo, koma tsikulo m'mutu mwawo mulibe.

"Nkhalamba ina," ndinatero. "Mutu wake suyenda bwino."

"Ali ndi ana?"

"Ali nawo awiri."

"Ndiye anawo ntchito yawo n'chiyani?" Anamenya bondo ndi chikhatho. "Munthu wotero sumusiya pafupi ndi madzi. Lero wapulumuka, mawa afa, ndipo amene adzazunguze gudumu tsiku limenelo adzasenza maliro moyo wake wonse popanda cholakwa. Ukawauze anawo kuti amuchotse. Ngati akuchita manyazi, unene kuti ndanena ndine."

"Akuti nkhalambayo imakonda ngalande. Kwina sikakhala bwino."

"Ikakhala ndi moyo," anatero. "Ukawauze."

Ndinati ndikawauza. Anagwedeza mutu, anabwerera kumvetsera madzi, ndipo patapita kanthawi anandifunsa mwaulemu ngati basi ya kwathu siindisiya.

Ndiye ndikukuuzani, achimwene, monga anandituma. Pepala lanu lili m'envelopu momwemu, ndadindapo. Chidindo chapendekeka pang'ono, ngati angakane mundiuze ndidinde lina. Mufunse ngati ali ndi chipinda choyang'ana kumene kuli mitengo. Muwauze kuti bambo sadya nsomba ya m'chitini, ndiponso kuti akamati zikomo kawirikawiri ndiye kuti achita mantha. Mukabwera musawakalipire, sakudziwa chimene anachita. Mundikalipire ine, panja, iwo asakumva, ndipo sindidzayankha.

Mayi Chiyono akupereka moni. Chichitikire zija sanasiye kutukwana miyendo yawo, akuti ikanakhala yachangu akanafika gudumu lisanazungulire, muwayendere mukabwera. A Isamu akuti moni, ndipo akuti chaka chamawa adzawerenga mitu polowa ndi potuluka. Mupereke moni wanga kwa alamu a Setsuko, muwauze kuti mawu aja a pa Chaka Chatsopano ndawabweza, anali a munthu wamantha. Bambo sindinawafunse moni, sakudziwa kuti ndikulemba, ndipo sindikudziwa kuti ndidzawauza bwanji, kaya ndidzawauza monga ndani.

Chopempha changa ndi chimodzi. Musadikire tchuthi cha mu Meyi, bwerani sabata ikubwerayi. Poyamba ndinafuna kukupemphani masiku khumi kuti aone mazira ataswa, ndinalemba ndithu, n'kung'amba pepalalo. Ndikudzidziwa. M'mawa uno anandifunsanso kuti kwathu ndi kuti, ndipo ndinapezeka nditaima pakhomo ndikuyang'ana njira ya kumlatho. Majombo awo ndawapereka kwa a Isamu kuti awasunge, koma ndaona pamene awaika.

Bwerani msanga, achimwene.

Ndine mlongo wanu,
Fumie